Dzanja pa Thumba la Tiyi

Mayi Yunike anali ndi khalidwe limodzi limene linanditopetsa zaka zitatu zathunthu. Akabwera ndi thumba la masamba a tiyi ku shedi n'kulikoleka pa mbedza ya sikelo, dzanja sankachotsa. Alimi ena onse amakoleka n'kuima apo, kudikira kuti nambala ikhazikike. Iwo ayi, zala zili gwi pakamwa pa thumba, ngati munthu amene wabwera ndi mbuzi kumsika koma mtima wogulitsa alibe.

"Azakhali, chotsani dzanja. Sikelo ikuvina."

"Sindikukanikiza ine. Ndangogwira."

"Kugwirako ndiye vutolo."

"Jambula mwanawe, anthu akudikira."

Ndinkajambula, nanga ndikanatani, mzere utafika kumsewu ndipo lole ya kufakitale ikuimba hutala. Mumtima ndinkatukwana ndithu, sindibisa.

Ine ndine Shylet. Nthawi imeneyo ndinali kalaliki wa shedi ya alimi ang'onoang'ono a tiyi kumtunda kwa Hauna. Agogo anga anachoka ku Thyolo wapansi kudzathyola tiyi pa esiteti, bambo anabadwira m'komboni, ine ndinabadwira pachipatala cha pa Hauna pompa. Kunja ndimayankhula Chimanyika ngati wina aliyense. Chinyanja ndimasungira kunyumba ndi kwa akuluakulu monga mayi Yunike, amene si achibale anga enieni, koma ndinakula ndikuwatchula azakhali chifukwa khomo lawo linkayang'anizana ndi lathu m'komboni muja.

Zojambula matumbazi zinabwera ndi ogula a kunja. Iwo anati sakufunanso kumwa tiyi wosadziwika kwawo, akufuna adziwe munda weniweni umene wachokera. Ndiye anatibweretsera chinthu chimene ophunzira amati bulokutcheni, ife timangoti kaundula. Si kaundula wa pepala, ndipo sali pamalo amodzi. Akusunga ndi magulu asanu: bungwe lathu la alimi, fakitale, a malole, oyendera minda a ku Harare, ndi ogula a kutsidya kwa nyanja. Gulu lililonse lili ndi kaundula wake wathunthu wofanana ndi wa anzake, ndipo lili ndi kiyi yake. Munthu wamba sangalowemo ngakhale kusuzumira, amalowa okhawo amene asanuwo awavomereza. Thumba likakwera pa sikelo, tabuleti imajambula, imalemba nambala ya mlimi ndi tsiku, n'kutumiza kwa onse asanu. Tsamba lililonse limakoledwa ku linzake lam'mbuyo, moti wina atati asinthe kaundula wake mwakabisira, anayi enawo amaona pomwepo kuti zasiyana. Chofufutira mulibe. Kiyi ya bungwe pa shedi yathu ndinkasunga ine, ndipo ndinkayenda nayo monyada kuposa mmene ndinkayendera ndi mphete.

Tsopano ndinene pamene ndinalakwa.

Amuna awo a mayi Yunike, bambo Eliasi, anagwira ntchito pa esiteti limodzi ndi bambo Pedro, amene anachokera kutsidya kwa malire ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Anthu awiriwa ankagawana ndudu imodzi. Bambo Pedro atabereka mwana wamwamuna, Desmond, amene ananyamula mwanayo pa ubatizo anali bambo Eliasi ndi mkazi wawo. Kuyambira tsiku limenelo azibambowo anasiya kutchulana mayina, ankangoti kompadre, monga amachitira a ku Mozambiki kwa munthu amene wakunyamulira mwana kutchalitchi. Bambo Pedro anakwatira mkazi wachimanyika, choncho anapeza malo. Bambo Eliasi analibe, ndipo atapuma pantchito, nyumba ya kampani anafunika kuisiya. Kompadre wawo anawatenga, n'kuwaimika pa mtengo wa mapeyala pakati pa munda, n'kunena kuti kuyambira apa kutsika mpaka kukhwawa ndi panu. Panalibe pepala. Bambo Eliasi anagwetsa tchire, anadzala tiyi mizere makumi anayi, anathyola zaka zingapo, kenako anamwalira. Mundawo unatsala m'manja mwa mayi Yunike, ndipo ndiwo unkawadyetsa.

Koma mayi Yunike analibe chitupa. Anabadwira kuno, makolo awo a ku Mulanje sanawalembetse, ndipo ku maofesi ankangowabweza chaka ndi chaka. Wopanda chitupa sankapatsidwa nambala ya mlimi, choncho masamba awo ankalowa pa nambala ya bambo Pedro, 417. Aliyense ankadziwa. Sizinali zachilendo, akazi amasiye ambiri ankagulitsa chomwecho.

Kaundula atabwera, kunafika anthu awiri a ku Harare ndi kamakina koyezera malire, ndipo wowaperekeza ndinali ine. Titafika pa mtengo wa mapeyala uja anandifunsa kuti kumunsiku ndi kwa ndani. Ndinadziwa kuti ndikanena zoona, munda wa munthu wopanda chitupa utsala kunja kwa mapu, ndipo tiyi wa munda umene suli pa mapu fakitale siilandira. Ndinayang'ana mayi Yunike ali chapatali ndi dengu kumsana. Ndinati, "Zungulirani konse, ndi kwa 417." Anazungulira mpaka kukhwawa. Ine ndinatsimikiza ndi kiyi yanga, ndipo tsiku limenelo ndinagona ndikudziona ngati munthu wabwino.

Chitupa anadzachipeza patapita chaka, boma litatumiza olembetsa m'midzi. Tinati tikonza, tiwapatse nambala yawoyawo. Mwezi uno kuli mvula, mwezi wamawa kuli masamba ambiri, kenako bambo Pedro anadwala sitiroko ndipo sitinafune kuwavutitsa. Akuluakulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Bambo Pedro anamwalira mu Epulo, titangomaliza Pasaka.

Desmond anabwera kumaliro kuchokera ku Joni. Ine ndinkamukumbukira pang'ono chabe, chifukwa anachoka ali wamng'ono kukaphunzira kwa amalume ake ku Mutare. Si munthu woipa, ndinene zimenezi msanga anthu asanamudye. Ndi wofatsa, wa magalasi, woyankhula motsitsa mawu. Maliro atatha anapita ku ofesi ya bungwe monga wolowa m'malo mwa bambo ake, ndipo anamusindikizira pepala la nambala 417. Papepalapo panali mapu, mzere wofiira utazungulira minda yonse iwiri, pamwamba dzina la Pedro, pansi dzina langa monga mboni.

Sabata isanathe, m'munda wa mayi Yunike munali zikhomo ndi chingwe. Desmond anali atagwirizana ndi anthu ena a nthochi. Anati kumunsi kuja kuli chinyezi, tiyi azulidwe mu Juni nthawi yodulira, padzalidwe nthochi. Anapita yekha kwa mayi Yunike, anakhala pansi, anavula chipewa.

"Mbuya, bambo anakubwerekani malo aja, ndipo munawasamala bwino. Thyolani mpaka Juni. Pambuyo pake ndikuwafuna."

"Sanandibwereke. Anapatsa amuna anga."

"Pali pepala?"

"Pali mtengo wa mapeyala."

Desmond anawaonetsa mapu. Anati kaundula uyu sanama, ndiponso safufutika, anthu asanu osadziwana akusunga chimodzimodzi. Sabhuku wathu, amene amaona za malo, ndi munthu watsopano, ndipo nkhani itafika kwa iye anangofunsa kuti kaundula akuti chiyani.

Mayi Yunike anandipeza ku shedi masana, alimi atabalalika, ndikusesa masamba ogwa. Sanalire. Anakhala pa benchi n'kuvula nsapato imodzi, imene imawapweteka.

"Shylet, iwe ndiwe unalemba. Fufuta."

"Azakhali, sizifufutika."

"Chinthu cholemba munthu?"

"Ndi mmene anachipangira."

"Ndiye walemba bodza pamwala."

Ndinapsa mtima, chifukwa munthu ukapezeka wolakwa chimene chimabwera msanga ndi mkwiyo. Ndinati ndinachita zimenezi chifukwa cha inu, ndikanapanda kutero mukanadya chiyani zaka zitatuzi? Iwo anavala nsapato yawo.

"Sindikukana. Unandithandiza. Koma mu Juni akuzula tiyi wa Eliasi."

M'mawa mwake ndinakwera kombi kupita kufakitale kukaonana ndi Tongai, amene amayang'anira makompyuta ndipo ndi iye anatiphunzitsa za kaundula. Ndinamufotokozera zonse, osasiyako. Anavula mahedifoni.

"Kufufuta iwalani, sisi. Ngakhale ine sindingathe. Ngakhale mwini fakitale."

"Ndiye mwatipatsa chinthu chanji chosamva chisoni?"

"Munkafuna chinthu choti kalaliki asamasinthe zinthu mwakufuna kwake. Ndi chimenechi."

Walira mvula walira matope.

Kenako anati njira ilipo imodzi. Cholembedwa sichichoka, koma pamwamba pake mukhoza kulemba china chokonza, chonena kuti malire aja analakwika, enieni ndi awa. Chokonzacho chiyenera kulembedwa ndi kiyi yomwe inatsimikiza poyamba, chifukwa chake chitchulidwe, ndipo magulu onse asanu avomereze. Mmodzi akakana, sichilowa. Pafunikanso umboni, kapena wolowa m'malo mwa mwini nambala avomere.

"Chifukwa chake ndilembe kuti chiyani? Kuti makina anasokonezeka?"

"Makina sanasokonezeke, ndipo oyeza aja analemba kuti munawalondolera ndinu. Mukanama kachiwiri, nalonso likhala momwemo." Anabwezera mahedifoni m'khosi. "Ndikuuzeniretu. A ku Harare akawerenga kuti kalaliki anatsimikiza malire abodza akudziwa, kiyi akulandani. Ndipo mawu amenewo adzakhalapo ngakhale adzukulu anu atakula."

Ndinabwerera ndi mantha, ndinene mosabisa. Ntchito ija ndinkaikonda. Ndine woyamba m'banja mwathu kugwira tiyi ndi cholembera osati ndi dengu, ndipo mayi anga ankanena zimenezi kutchalitchi mpaka anthu kutopa nawo. Masiku asanu ndi atatu ndinangokhala. Ndinkadziuza kuti ngakhale nditadzipereka, umboni ndilibe, Desmond sangavomere, ndiye ndingotaya ntchito pachabe. Zinali zoona, koma ndinkasangalala nazo kwambiri zoonazo. Pa msewu ndikaona mayi Yunike ndinkakhotera ku golosale.

Lachisanu lotsatira linali tsiku lothyola. Kunali nkhungu yochokera kuphiri, masamba onyowa, aliyense akudandaula. Mayi Yunike anafika pa sikelo, anakoleka thumba, dzanja pomwepo.

"Azakhali, chotsani dza..."

Sindinamalize. Tabuleti inali itajambula kale, ndipo ndinkayang'ana chithunzicho. Dzanja lawo lamanzere silisowa, zala ziwiri zinaduka nsonga ndi mpeni wodulira tiyi kale pa esiteti. Pansi pa dzanjalo, pa thumba, panali malemba a penti yobiriwira. Malembawo ndinkawaona kawiri pa sabata kwa zaka zitatu, moti maso anga anasiya kuwawerenga, monga mmene munthu sawerengera chikwangwani cha pa sitolo ya kwawo. Panalembedwa kuti WA KOMPADRE ELIASI.

"Analemba ndani apa?"

"Ukufunsa lero? Pedro. Chaka chilichonse akagula matumba atsopano, anga ankalemba, kuti asasokonezeke ndi ake."

Alimi atatha, ndinakhala pa benchi n'kutsegula nambala 417 kuyambira tsiku loyamba. Zithunzi zinali mazanamazana. Matumba a bambo Pedro opanda malemba, atapachikika okha. Matumba ena onse ali ndi dzanja la zala zoduka, ndipo pansi pake penti yobiriwira. Chithunzi chilichonse chili ndi tsiku lake, ndipo tsikulo munthu sangalisunthe. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Zaka zitatu ndikukalipira nkhalamba kuti ikundiwonongera zithunzi.

Chitatha chisangalalo ndinazindikira kuti pobisala panga patha. Umboni unalipo tsopano.

Desmond ndinamupeza Loweruka m'mawa ali kumunsi kuja, akuyeza mipata ya mayenje ndi chingwe. Tinapatsana moni mwa Chimanyika, chifukwa Chinyanja chake n'chothyokathyoka. Ndinamuuza kuti mapu amene wanyamula ndi abodza, wonamayo ndine, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Sisi Shylet, tsiku lija munati ndi wa bambo. Lero mukuti si wa bambo. Ndikhulupirire Shylet uti?"

Funso labwino, ndipo linandilasa. Ndinatulutsa tabuleti, ndinamuonetsa dzanja.

"Ndi dzanja la mbuya, ndaliona. Aganyu nawonso ali ndi manja. Kunyamula thumba si kukhala mwini munda."

"Yang'anani pansi pa dzanjalo, achimwene."

Ndinakulitsa chithunzi. Anayandikitsa magalasi. Anatenga tabuleti m'manja mwanga n'kukhala pa mwala.

"Penti iyi ndi ya chitseko cha kwathu," anatero.

"Sindikudziwa za chitseko."

"R uyu ndi wa bambo. Ankamukokera mwendo. M'makalata onse amene ankanditumizira kusukulu anali chonchi."

Anayamba kusuntha zithunzi yekha. Ine ndinaima pambali, manja kumbuyo. Chaka choyamba malemba anali onenepa, owongoka, olembedwa ndi munthu wamphamvu zake. Chaka chachiwiri chimodzimodzi, mpaka mwezi wa Okutobala. Matumba atsopano a chaka chachitatu anabwera pambuyo pa sitiroko, dzanja lamanja litafa. Malembawo anali opendekeka, penti itayenderera, KOMPADRE atakwera phiri n'kutsika, ELIASI atapanikizika kumapeto chifukwa malo anatha. Koma mawu onse atatu analipo, pa thumba lililonse.

"Analemba ndi lamanzere," anatero Desmond.

"Mwina."

"Pa foni ankandiuza kuti ali bwino. Ankati ndisabwere, ndisataye ntchito." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya, ngakhale sanali akuda. "Supuni inkawakanika, anandiuza a neba pamaliro. Ndiye ankakhala pansi ndi burashi kulemba matumba a munthu amene anamwalira kalekale."

Kukhwawa madzi ankangoyenda, ndipo kumtunda wina ankaitana ng'ombe.

Anafunsa kuti kodi zithunzizi sangazipange munthu dzulo. Ndinamukumbutsa mawu ake omwe, kuti kaundula uyu akusunga ndi anthu asanu osadziwana. Anaseka pang'ono m'mphuno. Anadzuka, anandibwezera tabuleti, n'kupita pa chikhomo choyamba. Nthaka inali yofewa, sichinavute. Anazula chachiwiri, chachitatu, akukulunga chingwe pa mkono. Nditafuna kuthandiza anati ndisiye, anakhoma yekha.

Apa ndiye panali poyesedwa ine. Zikhomo zachoka, Desmond wavomera, nanga n'kudzipachikiranji? Maganizo amenewa anandibwerera ndithu, ndipo ndinayenda nawo mpaka pa mtengo wa mapeyala. Koma mapu anali akunenabe kuti munda wonse ndi wa 417. Desmond ali ndi ana awiri ku Joni, ndipo tsiku lina nawonso adzapita ku ofesi, adzawasindikizira pepala lomwe lija. Pa nthawiyo mayi Yunike sadzakhalapo kuti anene za mtengo wa mapeyala, adzakhalapo ndi mwana wawo wamkazi wa ku Chipinge, amene sadziwa n'komwe kukangana.

Lolemba ndinapita kwa Tongai pamodzi ndi Desmond ndi mayi Yunike, chitupa chawo atachimanga pa nsonga ya chitenje. Ndinalemba ndekha. Sindinakometse. Ndinati ine Shylet, kalaliki wa shedi, ndinauza oyeza kuti munda wa kumunsi kwa mtengo wa mapeyala ndi wa 417 ndikudziwa kuti si zoona, chifukwa mwini wake analibe chitupa ndipo ndinaopa kuti atsala kunja. Mwini wake ndi Yunike, mkazi wa malemu Eliasi. Tinaphatikiza zithunzi, Desmond anasaina, ine ndinatsimikiza ndi kiyi.

Kenako kudikira. Pa tabuleti panali timabokosi tisanu, kalikonse kodikira chizindikiro chake. Bungwe lathu linavomera tsiku lomwelo, wapampando akupukusa mutu chifukwa nayenso ankadziwa zonse kuyambira kale, kungoti dzina lake silinali papepala. Fakitale inavomera Lachitatu. A malole anavomera osawerenga n'komwe, ndikuwadziwa anthu amenewo. Ogula a kunja anatenga sabata, n'kutumiza funso limodzi, lakuti kompadre ndi kampani yanji. Tongai anawayankha. A ku Harare anakhala chete masabata atatu, Juni n'kulowa, anthu n'kuyamba kunola mipeni yodulira. Mayi Yunike ankabwera ku shedi ngakhale tsiku losathyola, kudzangofunsa kuti kabokosi kachisanu kadzaza kodi.

Anabwera okha a ku Harare, mayi wina wa nsapato zazitali za mphira. Anayenda malire kuyambira pa mtengo wa mapeyala mpaka kukhwawa, anaona matumba ndi maso, anafunsa alimi ena. Pomaliza anandiitanira pambali. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. Anati akumvetsa chifukwa chake, anati nkhani ya anthu opanda zitupa aitengera kumsonkhano wa magulu asanu chifukwa aipeza m'mashedi enanso, koma kiyi sangaisiye m'manja mwa munthu amene anatsimikiza bodza akudziwa. Madzulo a tsiku lomwelo kabokosi kachisanu kanadzaza, ndipo kiyi yanga inazima.

Ndinalira, ndisaname. Ndinalirira kumbuyo kwa shedi kumene timataya masamba okhwima. Mayi anga sanapite kutchalitchi masabata awiri.

Bungwe silinandichotse. Anandiika pa tebulo losankha masamba, kuchotsa okhwima ndi timitengo masamba asanakwere lole. Ndi ntchito yoimirira, ndipo zala zimada. Kalaliki watsopano ndi Panashe, mayi wodekha amene anachokera ku shedi ya kumunsi. Mu kaundula, ukatsegula munda uja, umapeza masamba awiri otsatizana. Loyamba likuti ndi wa Pedro, mboni Shylet. Lachiwiri likuti Shylet ananama, ndi wa Yunike. Onse awiri adzakhala momwemo, ku Hauna, ku Harare ndi kutsidya kwa nyanja. Masiku ena zimandipweteka, masiku ena ndimaona kuti palibe pepala lina padziko limene likundifotokoza bwino chotero.

Tiyi wa bambo Eliasi anadulidwa mu Juni monga mwa nthawi zonse, mpaka kufika m'mawondo, n'kukhala timitengo touma tooneka ngati takufa. Desmond anadzala nthochi zake kumtunda, m'gawo la bambo ake, akudandaula kuti madzi azichita kukoka ndi paipi. Mvula yoyamba itagwa, kumunsi kunaphukira.

Tsiku loyamba lothyola mu Novembala, mayi Yunike anafika mochedwa, mzere utatalika. Kumbuyo kwawo kunali Desmond, atawanyamulira thumba paphewa. Linali thumba latsopano, loyera, ndipo penti yobiriwira inali isanaumitsitse. Desmond anandiuza pambuyo pake kuti chitini cha pentiyo anachipeza pansi pa bedi la bambo ake, penti itatsala pang'ono pansi, ndipo anaisungunula ndi parafini. Malemba ake ndi aang'ono, a munthu wa kusukulu. Analemba kuti WA MADIRINYA YUNIKE. Madirinya ndi mmene a ku Mozambiki amatchulira mayi amene anakunyamula pa ubatizo. Mawu amenewo sindinawamvepo pakamwa pake chibwerereni.

"Nambala?" anafunsa Panashe.

"Naini handiredi thu," anatero mayi Yunike, mokweza kuposa mmene zinkafunikira.

Desmond anakoleka thumba pa mbedza. Dzanja la zala zoduka linakwera lokha, mwa chizolowezi, n'kugwira pakamwa pa thumba. Panashe anatsegula pakamwa kuti anene, koma ine ndinamuyang'ana kuchokera pa tebulo langa, ndipo anatseka.

Tsiku lina m'mbuyomo ndili wokwiya ndinawafunsapo mayi Yunike kuti n'chifukwa chiyani amakakamira chonchi, ndipo anandiyankha kuti Eliasi anawauza kuti chinthu chimene chikupita pa dzina la munthu wina usamachisiye chokha. Nthawi imeneyo sindinamve, ndinali ndi mzere woti ndithane nawo.

Mayi Yunike anagwira thumbalo kamphindi, akuwerenga malembawo ndi milomo. Kenako anachotsa dzanja, analipukuta pa chitenje, n'kubwerera m'mbuyo mapazi awiri kukaima pamene amaima alimi ena onse. Thumba linazungulira pang'ono n'kuima. Sikelo inakhazikika, Panashe anajambula.

"Wotsatira," anatero.